Zaka 34 mwachedwa? Tamvani za Giorgio Moroder

Achimwene ena andilembera pa imelo kuti ali ndi zaka 34, amapanga mabiti pa laputopu kuchipinda kwawo, koma palibe nyimbo yawo yomwe idamvekapo pa wailesi. Akufunsa ngati yakwana nthawi yosiya.

Achimwene, kalata yanu yandilasa mtima. Inenso ndidajambulapo oimba m'kachipinda komwe tidatsamiritsa matiresi kukhoma kuti phokoso la njinga zamoto lisalowe. Magetsi akathima tinkadikira mpaka pakati pa usiku, woimba akuwodzera pampando. Nyimbo ikatuluka, dzina langa osaoneka paliponse. Amalume ankandifunsa kuti ntchito yeniyeni ndiyamba liti. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo sindibisa mawu: woimba amene amakwirira dzina la yemwe adamupangira nyimbo ndi wakuba.

Amene ankandilimbitsa mtima masiku amenewo ndi Giorgio Moroder, katswiri wopanga ndi kujambula nyimbo. Adabadwa mu 1940 ku Ortisei, m'mapiri a kumpoto kwa Italy. Unyamata wake udathera m'malo azisangalalo a ku Ulaya akuimba gitala ndi besi, nthawi zina kugona m'galimoto. Kenaka adakhazikika ku Munich, ku Germany, n'kutsegula situdiyo ya Musicland kunsi kwa nyumba yosanja ya Arabella. Dziko lonse lidamudziwa mu 1975, ali ndi zaka 35, pomwe iye ndi mnzake wojambula nyimbo Pete Bellotte adapanga "Love to Love You Baby" ndi woimba wa ku America Donna Summer, nyimbo ya mphindi pafupifupi 17 yodzaza mbali yonse ya chimbale.

Koma yomwe imandipatsa chidwi ndi "I Feel Love" ya mu 1977. Pafupifupi zonse zomveka kumbuyo kwa mawu a Donna Summer zidachokera m'makina amagetsi opangira maliwu a nyimbo otchedwa Moog, osati bandi. Makinawo ankachoka pa kiyi pafupipafupi, moti ankajambula kachidutswa, kuima, kuwachuna, kuyambanso. Munthu wa zaka zoposa 35 akulimbana ndi chida chosamvera, ndipo m'menemo mudatuluka kaimbidwe komwe nyimbo zovina zambiri za masiku ano zidatengerako. N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva ena akunena kuti nyimbo za pa kompyuta n'zaulesi. Sadakhalepo usiku wonse akukonza besi imodzi.

Mphoto za Oscar za nyimbo za m'mafilimu zidabwera pambuyo, zitatu, mu 1979, 1984 ndi 1987. Mu 2013 a Daft Punk, oimba awiri a ku France, adamuika pa chimbale chawo akufotokoza yekha mbiri yake, ndipo ali ndi zaka 73 adayamba kuyendayenda ngati DJ.

Ndiye mutani?

Musasiye, komanso ngati muli pa ntchito ina musaitaye. Moroder adamupeza Donna Summer akuimba mawu othandizira m'masitudiyo a ku Munich komweko, choncho yang'anani woimba mmodzi pafupi nanu amene mawu ake amakugwirani mtima, mugwire naye ntchito chaka chathunthu. Musanadine batani lojambulira, mulemberane papepala kuti dzina lanu likhala pa nyimboyo ndi kuti ndalama mudzagawana bwanji.