Mtsempha wa subclavian ukavulala: stenti kapena kutsegula chifuwa?

Wowerenga wina watilembera kuti mchimwene wake anabayidwa pamwamba pa fupa la clavicle, lija lopingasa kuchokera pakhosi kukafika paphewa. Madokotala anamuika stenti, kachubu kolowetsedwa mkati mwa mtsempha wamagazi, pamene wodwala wina wa bala lofanana anamutsegula chifuwa. Akufunsa ngati mmodzi wa awiriwa anathandizidwa mosayenera.

Ayi ndithu. Choyamba chimene dokotala amayang'ana ndi mmene magazi akutayikira.

Mtsempha wa subclavian, umene ungavulale pa bala lotere, umapititsa magazi kumkono, ndipo umadutsa pakati pa clavicle ndi nthiti yoyamba, malo opanikizika ovuta kufikapo. Kugunda kwa magazi padzanja kusakunamizeni: timitsempha tozungulira phewa timatha kulambalala povulalapo, magazi n'kumafikabe kudzanja ngakhale mtsemphawo utavulala.

Wodwala amene magazi ake akuthamanga bwino amajambulidwa kaye ndi CT angiography, sikani yoonetsa mitsempha yamagazi. Waya wotsogolera stenti akatha kudutsa povulalapo mkati mwa mtsempha, kulowera pamphechepeche kapena pamkono, amaika stenti yokutidwa yotseka bowolo chamkati, mosamala kuti isatseke mtsempha wa vertebral wopita ku ubongo. Vuto lake limabwera pambuyo: mafupa awiri aja amaifinya phewa likamayenda, ndiye imatha kuthyoka kapena kutsekeka. Mchimwene wanu asadumphe mankhwala oletsa magazi kuundana, asaphonyenso masiku okaunikidwa.

Magazi akamakhuthuka, nthawi yojambula palibe. Ena amalowetsa chubu cha Foley, chija chotulutsira mkodzo, m'balamo n'kufufumitsa baluni yake kuti itseke magazi, apeze mpata wofika ku fiyeta. Diripi saika pamkono wovulalawo, chifukwa mtsempha wobweza magazi ungakhale utang'ambikanso. Kenako amagwira mtsempha wa subclavian cha kumtima. Kuti aufikire, kumanja amadula fupa la pakati pa chifuwa. Kumanzere, kumene umachokera mwakuya mu aorta, mtsempha waukulu wotuluka mumtima, amalowera pakati pa nthiti yachitatu ndi yachinayi. Bala likakhala cha kuphewa, amacheka pamwamba ndi pansi pa clavicle, mwina n'kulidula fupalo, akupewa minyewa ya phrenic yothandiza kupuma.

Subclavian ndi wofewa, sachedwa kung'ambika akamakokedwa, choncho kulumikiza mbali ziwiri mwachindunji kumatheka pokhapokha mpata uli wochepa. Kawirikawiri amaikapo chubu cha pulasitiki ya PTFE cha mamilimita 6 mpaka 8, kapena mtsempha wa saphenous wochotsedwa pamwendo. Wodwala akafookeratu amaika shanti, kachubu kongoyembekezera kodutsa magazi, kapena kumanga mtsemphawo kuti apulumutse moyo.

Mkono ukapitiriza kuchita dzanzi kapena kufooka magazi akuyenda bwino, nthawi zambiri yavulala ndi minyewa ya brachial plexus, yopita kumkono kuchokera m'khosi. Muwafunse madokotala ngati anaiunika, chifukwa imachira pang'onopang'ono, kwa miyezi, ndipo nthawi zina imafuna opaleshoni yakeyake.