Kodi TV ya 4K ingasinthe zomwe mumaona pabalaza?

Bambo wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo. Akuti ali ndi TV ya Full HD ya mainchesi 43 yomwe ikugwirabe ntchito bwinobwino, ndipo mpando wawo uli pa mtunda wa mamita 3 kuchokera pa TV-yo. Wogulitsa wawauza kuti imeneyo ndi yachikale, agule ya 4K yofanana nayo kukula. Akufunsa ngati adzaonedi kusiyana.

Bambo, mukakhala pa mpando umenewo simudzaona kusiyana kwenikweni, ndipo sindikufuna kuti ndalama zanu zilowe m'madzi.

Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo. Full HD ili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, tonse pamodzi topitirira pang'ono 2 miliyoni. 4K ili ndi 3840 ndi 2160, zomwe zikukwana pafupifupi 8.3 miliyoni, kuchulukitsa kanayi. Papepala kusiyanako ndi kwakukulu zedi. Koma diso la munthu lili ndi polekezera. Munthu woona bwino amasiya kusiyanitsa timadontho ta Full HD akatalikira TV mtunda wopitirira pang'ono katatu msinkhu wa galasi lake. Msinkhu wa galasi la TV yanu ndi masentimita pafupifupi 54, choncho mukangodutsa mamita 1.7 timadontho tonse tasungunuka kale m'maso mwanu. Inu muli pa mamita 3. Timadontho tina 6 miliyoni towonjezerato diso lanu silingatipeze n'komwe.

M'sitolo zimaoneka mosiyana chifukwa mumaima pafupi kwambiri, mwina sitepe imodzi yokha, ndipo amakuonetsani kanema wosankhidwa mwadala. Kunyumba palibe amene amaonera mpira ataima chomwecho.

Chinanso ndi ichi: mumaonera chiyani? Ngati ndi ma DVD kapena matchanelo wamba, chithunzi chimafika chili kale ndi timadontho tochepa, ndipo TV ya 4K imangochitambasula n'kudzaza mipata mongoyerekeza. 4K yeniyeni imapezeka pa Netflix, YouTube, ma disiki a Ultra HD Blu-ray ndi makina a magemu monga PlayStation 5. Imadyanso data koopsa. A Netflix amanena okha kuti pamafunika intaneti ya liwiro la 15 Mbps, ndipo ola limodzi lingathe kumeza mpaka 7 GB, pomwe HD simapitirira 3 GB.

Chimene chimandigwira mtima ine pa ma TV atsopano ndi HDR, njira yosiyanitsira bwino kuwala ndi mdima pa chithunzi, osati kuchuluka kwa timadontho. Pamalo a mdima pamaderadi, dzuwa limawala ngati dzuwa, mitundu imaoneka yamoyo, ndipo izi mumaziona ngakhale mutakhala patali. Koma chenjerani: ma TV ambiri otsika mtengo amalemba HDR pa katoni pomwe galasi lake lilibe mphamvu yowala mokwanira.

Za 8K, ya timadontho 33 miliyoni, musavutike nazo. Zoonera zake n'zochepa kwambiri.

Ndikanakhala inu, ndikanasunga TV yomwe ilipoyo mpaka itatopa. Tsiku logula ina likadzafika, ya mainchesi 65 mudzaipeza ili kale ya 4K, chifukwa zazikulu pafupifupi zonse masiku ano n'zotero. Pamenepo mudzasunthire mpando pafupi, pa mamita 2, kuti timadontho tomwe mwalipira tiyambe kuoneka.