Achemwali, yambani mwapeza msoko wa mawuwo

Mwafunsa kuti mawu ataliatali a Chinorway, monga barnehage ndi arbeidsdag, mungawadule pati komanso mphamvu muziika pati powatchula, poti anthu ku Oslo sakumva mukawanena. Langizo langa ndi loti musayambe ndi kuwerenga maphatikizo. Yambani mwapeza pamene mawu awiri alumikizana.

Barnehage, sukulu ya mkaka, ndi barn, mwana, kuphatikiza hage, munda, ndipo ka e kali pakatiko ndi komangira chabe. Mu arbeidsdag, tsiku la ntchito, chomangira ndi s. Ka s kameneka kamakhalira ku mawu oyamba, choncho mzere ukatha mulembe arbeids-dag, osati arbeid-sdag. Pena zilembo zitatu zofanana zikakumana, chimodzi chimagwa: buss ndi sjåfør amakhala bussjåfør, dalaivala wa basi, koma mukawadula s uja amabwerera, buss-sjåfør.

Tsono mphamvu. Apa ndi pamene ife a Chichewa timapunthwa, chifukwa lilime lathu linazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Ndiye timati barne-HAA-ge, mwini chinenero n'kumangotiyang'ana. Iwo amagogomeza mawu oyamba: BAR-nehage, SY-kehus (chipatala). Mawu achiwiriwo amamveka ndithu, koma mofatsa. Chenjerani pang'ono: sikuti nthawi zonse ndi phatikizo loyamba, koma pamene mawu oyambawo amagogomezedwa akakhala paokha. Telefon ndi tele-FON, ndiye telefonnummer ndi tele-FON-nummer. Alipo opulukira ngati skomaker, wosoka nsapato, amene amati sko-MA-ker, amenewo mungowaloweza.

Musazione ngati zazing'ono. Røykfritt akutanthauza kuti pano sasuta, pamene røyk fritt, olekanitsa ndi ogogomeza onse awiri, ndi kuuza anthu kuti sutani mmene mungathere.

Za kukwera ndi kutsika kwa liwu, zimene iwo amati tonelag, ndinganene kuti musade nazo nkhawa pakadali pano. Khutu lomwe limasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika silingalephere kusiyanitsa bønder, alimi, ndi bønner, nyemba. Komanso kamvekedweko kamasiyana pakati pa mizinda ya Oslo ndi Bergen, ndipo eni ake amamvana bwinobwino.

Mukamawerenga nkhani za NRK, bungwe loulutsa mawu la dziko la Norway, tengani cholembera, muzilemba kamzere pa msoko wa mawu aliwonse aatali, kenako muwatchule mokweza mukumenya tebulo pa mawu oyamba.