Bwalo likudzaza koma thumba la timu lili mbee: yankho kwa msungichuma wa ku Bangwe

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Bangwe, msungichuma wa timu yaing'ono yosewera mu ligi ya m'munsi. Apempha kuti ndisawatchule dzina. Akuti: "Tikamasewera pakhomo bwalo limadzaza, ana mpaka kukwera m'mitengo. Pa Facebook otitsatira akuchulukirachulukira. Koma ndalama ya minibasi yopitira ku Thyolo timachita kusonkherana m'komiti. Anthu amati masapota ndiye chuma cha timu. Chumacho chili kuti? Kapena tiyambe tasaka kaye kampani yotithandiza?"

Achimwene, amene anakuuzani kuti masapota ndi chuma sananame, koma anasiyira panjira. Khamu limasanduka ndalama pokhapokha ngati mungathe kuliwerenga, kulifikira komanso kulionetsa kwa munthu wofuna kuligulitsa katundu. Anthu amene adzaza bwalo lanu Loweruka n'kubalalika dzuwa likalowa, inu osadziwa kuti anali angati ndipo ndi ayani, amenewo akulemeretsa mnyamata wa chiwaya ndi mayi wa zibwente. Timu yotsala ndi fumbi.

Tiyambire pachipata, poti ndi pomwe aliyense amayang'ana. Maule (Bullets) akamakumana ndi Manoma (Wanderers) pa Kamuzu Stadium, mawa lake manyuzipepala amalemba mamiliyoni amene atoleredwa, ndipo anthu amaganiza kuti matimu aphula. Koma ndalama ija imayamba yalipira apolisi, olondera pazipata ndi osindikiza matikiti, kenako mwini bwalo atengepo yake, bungwe loyendetsa ligi yaikulu la SULOM yake, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM yake. Yofika ku timu imakhala itaonda. Onjezanipo matikiti achinyengo ndi aja olowa ulere ponena kuti "ndine mlamu wake wa goloboyi". Komanso chipata chili ndi malire: bwalo likadzaza ladzaza. Pa Kamuzu pomwepo mbali zina zokhalapo anthu zinatsekedwa kalekale chifukwa chokalamba, ndiye ngakhale Ndirande yense atafuna kulowa, malo palibe. Chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa mabwalo, matimu odalira chipata chokha anaona zakuda.

Ndalama yeniyeni imadzera khomo lina. Tayang'anani maina amene matimu awiri a mumzinda uno akhala akusenza. Bullets inakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, kenako Nyasa Big Bullets, lero kutsogoloko kwabwera banki ya FCB. Wanderers inakhalapo Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Makampani amenewa sanabwere chifukwa mabwana awo amakonda zigoli. Be Forward imagulitsa magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo inkafuna kuti dzina lake lizimveka pawayilesi Loweruka ndi Lamlungu lililonse. Mukuru imatumiza ndalama za abale athu ali ku Joni, ndipo otumiza ndi olandira ndalamazo ndi anthu omwewo ovala buluu pa Kamuzu. TNM inayamba kuthandiza ligi yaikulu mu 2007, Airtel inabweretsa chikho cha Top 8 mu 2017, ndipo onsewa akulimbirana munthu mmodzi yemweyo: wapamtunda uja wokhala ndi foni m'thumba. Kampani imagula maso ndi makutu a anthu. Mpira ndi nyambo chabe.

N'chifukwa chake funso lanu lachiwiri ndikuliyankha mosazungulira: musayambe ndi kusaka kampani. Kalata yopempha chithandizo yongonena kuti "ndife timu yovutika" imathera m'kabati. Ofesi yotsatsa malonda imafunsa kuti mumakoka anthu angati, amisinkhu yanji, okhala kuti.

Kunja nkhaniyi inafika patali chifukwa cha kanema, poti kanema alibe malire a mipando. Premier League ya ku England itayamba mu 1992, mgwirizano woyamba woonetsa masewero unali wa mapaundi 304 miliyoni pa zaka 5. Womwe unayamba mu 2025 ndi wa mapaundi 6.7 biliyoni pa zaka 4, ndipo umenewo ndi wa m'dziko mwawo mokha. Ya kunja ndi yapadera, ndipo ife tilimo. Lowani m'kanyumba koonetsera mpira ku Ndirande kapena ku Mbayani tsiku la Arsenal ndi Manchester United: mabenchi odzaza, thukuta, jenereta ikulira kuseri, mnyamata pakhomo akutolera makobidi. Mwini kanyumbako amalipira DStv, kanema wa SuperSport wa pa DStv-po amalipira ligi ya ku England, ndipo kachigawo ka ndalama ya mnyamata wa kabaza kakathera ku London. Zimandiwawa ndikaganiza kuti munthu yemweyo sanagulepo tikiti ya timu ya kwawo, koma sindimuda. Anthu aja anakonza njira yoti ndalama yake iwapeze.

Oyandikana nafe anachita zomwezo. Ku South Africa, SuperSport inagula ufulu woonetsa ligi yaikulu ya kumeneko, PSL, mu 2007 pa ndalama zokwana 1.6 biliyoni za marandi kwa zaka 5. Ku Tanzania, kampani ya kanema ya Azam inasaina mgwirizano wa zaka 10 woonetsa ligi mu 2021, ndipo chokoka chachikulu ndi chinamtindi cha matimu a Simba ndi Yanga. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi timu ya Kaizer Chiefs ya ku South Africa. Ligi inaitenga komaliza mu 2015, koma makampani akuluakulu ngati Vodacom ndi Toyota sanaithawe, chifukwa masapota ake sanaithawe. Chikho chimakoka anthu, inde, koma chimene kampani imalipira ndi anthuwo.

Za majezi ndingodutsapo. Jezi yogulidwa pamsika wa Limbe, yosokedwa ndi amene akudziwa yekha, siyipatsa timu ngakhale tambala. Ngati mtengo wa jezi yeniyeni uli wosafikirika, gulitsani zipewa, masikafu ndi zitenje zomwe munthu wa ku Bangwe angakwanitse.

Tsono kwa inu, amene bwalo lanu mwina lilibe ndi mpanda womwe. Choyamba ndi kope. Ikani anyamata awiri odalirika aziwerenga anthu masewero aliwonse, ndipo muzijambula zithunzi kuchokera pamalo amodzimodzi. Chachiwiri, sandutsani oonera kukhala mamembala: kakhadi ka umembala, kandalama kochepa pamwezi kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money pa nambala ya timu, osati ya munthu, ndipo dzina ndi nambala ya foni zilembedwe. Tiyerekeze kuti mwapeza anthu 300 opereka K1,000 pamwezi. Imeneyo ndi K300,000 yobwera kaya mwapambana kaya mwagonja, kaya kwagwa mvula. Koma mwezi ukatha muziwerenga poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Anthu athu si ouma manja, anangotopa ndi makomiti odya ndalama.

Otsatira a pa Facebook musawakhulupirire kwambiri. Kudina chala sikudya ndalama, ndipo ena mwa iwo ali ku Cape Town. Komabe a ku Cape Town omwewo ndi ofunika: mwana wa ku Bangwe amene ali kunja amalakalaka kwawo, ndipo mukamamuonetsa zigoli pa foni sabata iliyonse, khadi la umembala adzagula ndi iyeyo.

Musaiwale kuti walira mvula walira matope. Khamu likakula pamafunika chimbudzi, chingwe chotchinga bwalo, ndi anthu oletsa ndewu. Tsiku limene oyimbira adzagendedwe pabwalo panu, amayi ndi ana adzasiya kubwera, ndipo wamalonda aliyense adzachotsa chikwangwani chake. Amayiwo ndi theka la msika, ndipo masiku ano, pamene Tabitha ndi Temwa Chawinga akumveka dziko lonse, atsikana okonda mpira achuluka. Yambani masewero pa nthawi yake, kuti munthu adziwe kuti pofika 5 koloko akhala ali kunyumba.

Mukatha miyezi itatu mukuchita zimenezi, musathamangire ku mabanki a mu Victoria Avenue. Pitani kwa mwini chigayo, mwini butchala, wogulitsa simenti ndi malata, ndi mwini sukulu yapulaiveti ya m'dera lanu lomwelo. Atengereni kope lija, zithunzi, ndi chiwerengero cha mamembala, n'kuwauza mtengo wa chikwangwani kuseri kwa golo, mtengo wa dzina pamsana pa jezi, ndi mtengo woti atchulidwe pa chimkuzamawu nthawi yopumulira. Mulembe pangano la chaka chimodzi, ndipo mukamaliza chakacho muwabwerere ndi manambala atsopano musanakambe zokweza mtengo.