Mphoto ya Car of the Year ndi Leaf ya ku Japan: yankho kwa bambo wa ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti atopa ndi kugona pa mzere wa mafuta, ndiye apeza Nissan Leaf ya 2013 pa tsamba lina la ogulitsa magalimoto a ku Japan. Mnyamata amene akufuna kuwaitanitsira galimotoyo akuwalimbitsa mtima kuti asaope, poti Leaf inapambana mphoto ya Car of the Year. Mafunso awo ndi awiri: "Kodi mphoto zimenezi n'zodalirika kapena amachita kugula? Nanga galimoto ya magetsi ingandisunge kuno kwathu?" Anawonjezera kuti patsiku amayenda makilomita pafupifupi 35, kusiya ana kusukulu, kupita kuntchito ku City Centre ndi kubwerera, ndipo kawiri kapena katatu pachaka amapita kumudzi ku Mzimba.

Bambo, zikomo polemba. Mnyamatayo sanakunamizeni. Leaf inapambanadi mphoto ya ku Ulaya ya 2011, ndipo chaka chomwecho inatenganso ya World Car of the Year. Koma tiyambe tawona kuti mphotoyo imayankha funso lanji, chifukwa ndikukayika ngati ndi funso lanu.

Mphoto ya ku Ulaya inayamba mu 1964, ndipo yoyamba kupambana inali Rover 2000. Oweruza ndi atolankhani olemba za magalimoto, pafupifupi 60, ochokera m'mayiko oposa 20. Pa magalimoto atsopano a chaka chimenecho amasankhapo asanu ndi awiri. Woweruza aliyense amakhala ndi mapointi 25 oti agawe, ndipo sangapatse galimoto imodzi mapointi oposa 10. Mavoti a aliyense amasindikizidwa pamodzi ndi zifukwa zake, moti mutha kuwerenga nokha kuti uje wa ku Italy anapatsa ndani zingati. N'chifukwa chake ine sindivomereza mawu oti mphotoyi amachita kugula ngati mbuzi pamsika. Kunyengerera anthu 60 amene mavoti awo ali poyera si ntchito yamasewera.

Chilipo komabe chofunika kuchidziwa. Mtolankhani amayendetsa galimoto imene kampani yam'konzera, yatsopano, yopukutidwa bwino, kawirikawiri ya mtundu wodula kwambiri. Nthawi zambiri kampaniyo ndi imene imam'lipirira ndege ndi hotela kuti akaiyese ku Spain kapena ku Portugal, kumene misewu ili see ngati tebulo. Magazini imene amalembera imadya ndalama za malonda a makampani omwewo. Sindikunena kuti anthuwa ndi akuba, ayi. Koma amene wakudyetsa sumunyoza pakamwa pali mafuta. Ndipo vuto lalikulu kuposa pamenepo ndi nthawi. Amayendetsa galimoto masiku owerengeka basi, pomwe inu mukufuna kudziwa mmene idzakhalire ikadzatha zaka khumi.

Mbiri ya mphotozi ili ndi zitsanzo zomvetsa manyazi. Mu 1968 inapambana NSU Ro 80 ya ku Germany, galimoto yokongola yokhala ndi injini ya mtundu wa Wankel. Injinizo zinkatha msanga, kampani n'kumasintha mwaulere mpaka chuma chake chinagwedezeka, ndipo mu 1969 NSU inamezedwa ndi Volkswagen. Ku America magazini ya Motor Trend, imene inayamba kupereka mphoto yake mu 1949, inasankha Chevrolet Vega mu 1971, galimoto imene lero imakumbukiridwa ndi dzimbiri ndi injini zotentha. Yondiseketsa kwambiri ndi ya Green Car Journal, imene inapatsa Volkswagen Jetta TDI mphoto ya galimoto yosamala chilengedwe ya 2009, ndi Audi A3 TDI ya 2010. Mu 2015 zinaululika kuti kampani ya Volkswagen, imenenso ndi mwini wa Audi, inaika pulogalamu m'kompyuta ya injini za dizilozo yozindikira nthawi imene galimoto ikuyesedwa utsi, n'kumaonetsa utsi wochepa. Magaziniyo inalanda mphoto zonse ziwiri.

Mwina munganene kuti zimenezo n'zakale. Tengani Jaguar I-Pace ndiye, ya magetsi yomwe. Mu 2019 inapambana ya ku Ulaya itafanana mapointi ndi Alpine A110, inatenga ya World Car of the Year, ndipo mu 2020 inapambananso ya ku South Africa. Pofika 2023 kampani inali kuitanitsa magalimotowa chifukwa mabatire ena ankatha kugwira moto, eni ake akuuzidwa kuti aziimika panja, kutali ndi nyumba. Mu 2024 inalengeza kuti igulanso magalimoto oposa 2,700 a 2019 kwa eni ake ku America, ndipo chaka chomwecho inasiya kupanga I-Pace.

Kuti ndisawalakwire, nthawi zina amalasa. Toyota Yaris inapambana ya ku Ulaya mu 2000, ndipo Yaris ndi Vitz yomweyi yadzaza m'misewu yathu. Prius inapambana mu 2005, ndipo yakhala ikugwira ntchito ya takisi m'mizinda yambiri kwa zaka ndi zaka. Koma onani Probox ndi Sienta, zimene zimanyamula anthu, matumba a chimanga ndi nkhuku tsiku ndi tsiku pakati pa Lilongwe ndi Mitundu. Palibe anazipatsa chikho ku Ulaya. Zinapambana mayeso ena, a mabampu, fumbi, katundu wopyola muyeso ndi oyilo wosinthidwa mochedwa. Mukafuna umboni wa mtundu umenewo pa intaneti, yang'anani za Consumer Reports ya ku America, imene imagula yokha magalimoto oyesa ndipo silandira malonda, kapena lipoti la TÜV la ku Germany, lochokera pa kuyeza magalimoto akale amene ali kale pamsewu. Apo ayi, pitani ku Biwi Loweruka m'mawa mukafunse amakaniko atatu osiyana kuti ndi galimoto iti imene saiona kawirikawiri.

Tsopano za Leaf yanuyo. Pa galimoto ya magetsi yakale, chimene mukugula ndi batire. Zina zonse ndi chikuto chabe. Leaf ya 2013 ili ndi batire ya 24 kWh, kutanthauza mayunitsi 24 a ESCOM, poti yunitsi imodzi ndi kWh imodzi. Ili yatsopano inkayenda makilomita pafupifupi 120 mpaka 130 pa kuyendetsa wamba. Lero yatha zaka zoposa khumi. Batire yake ilibe madzi oiziziritsa monga ya Tesla kapena magalimoto ambiri atsopano, imangodalira mpweya. Mu 2012 eni Leaf a ku Phoenix m'chigawo cha Arizona, kumene kumatentha koopsa, anadandaula kuti mabatire awo akufooka msanga, galimoto zisanathe ndi zaka ziwiri zomwe. Oweruza a 2011 sakanadziwa zimenezi. Ku Lilongwe kutentha kwake n'kwapakati, koma munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, ndikanamuletsa osazengereza.

Pa dashibodi ya Leaf, kumanja kwenikweni, pali timizere ting'onoting'ono 12 tosonyeza thanzi la batire. Musatisokoneze ndi timizere titalititali tosonyeza moto umene watsala. Kamzere koyamba kamazima batire ikataya pafupifupi 15 peresenti, ndipo totsatira timazima mofulumirirapo. Chaka chatha ndinaperekeza mnzanga kukaona Leaf pa malo ena ogulitsira magalimoto. Kunja inali kuwala, mipando ngati sinakhalidwepo, makilomita ochepa zedi. Wogulitsa anatiyatsira, n'kutiloza nambala yaikulu ya makilomita otsala, akumwetulira. Ine ndinawerama n'kuwerenga timizere tating'ono tija ndi chala: tisanu ndi titatu. Batire imeneyo yatsala ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake, ndiye makilomita 80 mukayendetsa mofatsa, osayatsa eyakoni. Nditamufunsa, anayankha kuti "imeneyo ikatchajidwa bwino imadzadza, bwana." Sidzadza. Timizere timeneto tikapita tapita. Choncho musanatumize ndalama, uzani mnyamata wanuyo akutumizireni chithunzi cha dashibodi galimoto ili yoyaka. Chabwino koposa ndi lipoti la LeafSpy, pulogalamu ya pa foni imene imawerenga batire kudzera pa kachipangizo kolowetsa pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero, n'kuonetsa nambala ya thanzi la batire yotchedwa SOH. Akakana kapena akayamba kuzungulira, mwayankhidwa kale.

Tiyerekeze kuti mwapeza yabwino, ya timizere 10 kapena 11. Pa makilomita 35 anu a tsiku ndi tsiku, galimoto imeneyi ndi yokwanira, ndipo apa ndikuikira kumbuyo ndi mtima wonse. Leaf imadya mayunitsi pafupifupi 15 mpaka 17 pa makilomita 100, pomwe Vitz imamwa malita 6 kapena 7 a petulo pa mtunda womwewo. Tengani risiti yanu ya mayunitsi ndi mtengo wa petulo wa lero muwerengetsere nokha, muona kusiyana kwake. Patsiku muzifuna mayunitsi 6 okha, amene pa soketi wamba ya m'nyumba amalowa m'maola atatu. Kudzaza batire yonse kuchokera pansi kumatenga usiku wathunthu. Palibe kusintha oyilo wa injini, palibe mapulagi, palibe ekizozi, ndipo mabuleki amakhalitsa chifukwa mota imathandiza kuchepetsa liwiro uku ikubwezera moto m'batire. Pa mzere wa magalimoto wa pa Kanengo madzulo, pamene anzanu akuwotcha petulo ataima, yanu imangokhala chete osadya kanthu kwenikweni.

Ambiri amathamangira kunena kuti, "magetsi ake ati?" Funso ndi lomveka. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbuka mmene namondwe Ana anawonongera Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Koma galimoto si mbaula ya magetsi yofuna moto pa ola lenileni lophika nsima. Imangofuna maola ochepa nthawi ina iliyonse, ndipo nthawi zambiri magetsi amakhalapo pakati pa usiku, mafakitale ndi mbaula zitapuma. Batire ya makilomita 100 ikhoza kukuyendetsani masiku awiri osatchaja. Petulo naye sindinganene kuti ndi wodalirika, ine amene ndinagonapo m'galimoto pa filingi siteshoni, udzudzu ukundiimbira, m'mawa n'kuuzidwa kuti thanki yatha kutatsala magalimoto anayi kutsogolo kwanga. Mafuta amafuna ndalama zakunja zimene dziko lilibe, pomwe madzi a Shire ndi dzuwa la ku Salima ndi zathu. Ethiopia inaona zomwezi, ndipo mu 2024 inaletsa kuitanitsa magalimoto a anthu wamba oyendera petulo ndi dizilo.

Chimene simunandiuze ndi chakuti mumakhala motani. Ngati muli ndi mpanda wanu, mita yanu ndi poimika galimoto pafupi ndi khoma, zili bwino. Ngati mukuchita lendi ndipo mita mukugawana ndi mabanja atatu, galimoto imeneyi idzakudanitsani ndi aneba mwezi usanathe. Itanani wa zamagetsi wodziwa ntchito akuikireni soketi yakeyake yokhala ndi waya wokhuthala ndi ethi yabwino. Musayerekeze kutchajira pa ekisitenshoni ya pamsika, imasungunuka. Chingwe chimene chimabwera ndi Leaf ya ku Japan anachipangira magetsi a kumeneko, a mavoti 100 kapena 200, pomwe athu ndi 230, ndiye konzekerani kugula china choyenera.

Ulendo wa ku Mzimba ndiye iwalani. Kasungu yekha ali pa makilomita oposa 120 kuchokera ku Lilongwe. Ndi batire yotopa ngati ya mnzanga uja, pa Mponela mtima uli kale m'mwamba, pa Madisi mukuyang'ana nyumba yoti mupemphe soketi n'kudikira mpaka mawa. Liwiro la pa M1 ndi zitunda zimadya batire kuposa kuyenda m'tauni. Komanso Leaf imatchaja mwachangu kudzera pa pulagi ya CHAdeMO ya ku Japan, pomwe machaja ambiri atsopano akumangidwa ndi pulagi ina yotchedwa CCS, ndiye ngakhale mutapeza chaja panjira, yambani mwafunsa ngati ikulowa. Ku Norway, kumene mu 2024 pafupifupi magalimoto asanu ndi anayi mwa khumi atsopano anali a magetsi, nkhawa imeneyi anaithetsa ndi machaja m'misewu yonse ikuluikulu. Oweruza a mphoto zija amayendetsa m'mayiko otero, n'chifukwa chake kuyambira 2022 mpaka 2025 a ku Ulaya anasankha za magetsi motsatizana: Kia EV6, Jeep Avenger, Renault Scenic, Renault 5. Msewu wafumbi wolowera kumudzi kwanu nthawi ya dzinja sanauonepo, ndipo batire ya Leaf ili pansi penipeni pa galimoto, pamene mwala umagunda.

Palinso nkhani ya kukonza. Mashokobu, matayala ndi mabuleki aliyense akhoza kukonza. Koma mawaya achikasu chofiirira ochokera ku batire amanyamula mavoti pafupifupi 360, ndipo makaniko wongoyerekeza akhoza kufa nawo. Pezani munthu wodziwa magalimoto otere galimoto isanatsike pa doko la Dar es Salaam. Funsaninso a MRA msonkho wake weniweni musanalipire kanthu, osadalira mawu a woitanitsa.

Ndikanakhala inu, ndikanachita chonchi. Ngati pakhomo pali galimoto ina, kapena simuona vuto kukwera basi popita kumudzi katatu pachaka, gulani Leaf, koma onjezerani ndalama mupeze ya 30 kWh ya 2016 kapena ya 40 kWh imene inayamba kumapeto kwa 2017, yokhala ndi lipoti la batire. Ngati iyi ndiyo idzakhale galimoto yokhayo, yothamangira kumaliro usiku foni ikalira kuchokera ku Mzimba, tengani haibulidi, yothira petulo koma yothandizidwa ndi batire, ngati Aqua, Fit kapena Note e-Power. Pa mzere wa mafuta mudzaimabe, koma mwa apo ndi apo. Mukalandira chithunzi cha dashibodi chija nditumizireni, tiwerengere limodzi timizereto.