Foni yoti mufulashe: yankho kwa achimwene a ku Lizulu

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati kachewere wayenda bwino chaka chino, ndalama ilipo, ndipo mukufuna foni yoti muifulashe, kutanthauza kuitsegula bootloader (pulogalamu yoyatsa foni, yomwe kampani imakhoma kuti musasinthe Android) n'kuikamo ROM ina, yomwe ndi Android yokonzedwa ndi anthu ena. Pakadali pano muli ndi Tecno yomwe mumachitira geni, koma mtima uli pa Samsung poti ndi yomwe mwaikhulupirira kuyambira kale. Ena muno m'gulu akuyankhani kuti "Redmi basi", ena kuti "Samsung sinama". Ine ndikuti ndalamayo ibakhala kaye m'thumba, chifukwa mayankho onse awiriwa anali olondola zaka zingapo zapitazo, osati lero.

Vuto la gulu lathu lino n'loti nkhani ya mafoni timaitenga ngati ya Maule ndi Manoma, kuti timu ikaluza timangoti sabata yamawa tiwina. Koma kampani ya foni ikakhoma bootloader palibe sabata yamawa. A Huawei ankapereka makodi otsegulira, mu 2018 anasiya. A ASUS anachotsa chida chawo chotsegulira mu 2023, anthu amene anagula Zenfone podalira chidacho anangoti kukamwa yasa. A OnePlus anayamba mu 2014 ndi foni yobwera ndi ROM yotchedwa CyanogenMod kuchokera kufakitale, koma CyanogenMod yomweyo inatha kumapeto kwa 2016, n'kutsala ROM ya LineageOS yomwe anthu odzipereka akuyendetsa mpaka pano. Ndiye musafunse kuti ndi kampani iti yabwino. Funsani kuti foni iyiyi, ya nambala iyiyi, yomwe ili ndi Android iyiyi, ikutseguka lero kapena ayi.

Tiyambe ndi Samsung yanuyo. Zinthu zitatu muzidziwe. Choyamba, mafoni ambiri a Samsung akaunjika omwe amabwera kuno ndi a ku America, ndipo amenewo satseguka. Onani nambala ya foniyo pa About phone: ikathera ndi U kapena U1 ndi ya ku America, ikathera ndi W ndi ya ku Canada, zisiyeni ngakhale wogulitsa alumbire. Zothera ndi F kapena B ndi zomwe zinkatseguka. Ndanena kuti zinkatseguka chifukwa cha chinthu chachiwiri: mu 2025, pa One UI 8 yomwe ndi Android 16, a Samsung anachotseratu batani la OEM unlocking, lololeza kutsegula bootloader, ngakhale pa mafoni ogulitsidwa kunja kwa America. Choncho Galaxy yatsopano ya m'bokosi, kapena yakale yomwe mwini wake anaikweza kufika pa One UI 8, si ya ntchito yomwe mukufunayi. Chachitatu ndi Knox, chitetezo cha a Samsung. M'kati mwa foni muli kafyuzi komwe kamapsa mukangoikamo chinthu chosasainidwa ndi a Samsung, ndipo pa Download mode (tsamba lofulashira foni) pamalembedwa 0x1 m'malo mwa 0x0. Kafyuziko sikabwerera, olo mutabwezeretsa firmware yeniyeni (Android yomwe kampani inaika) ndi Odin, pulogalamu ya pa kompyuta yofulashira Samsung. Secure Folder, Samsung Pass ndi Samsung Wallet zimafa mpaka kalekale, ndipo wogula wochenjera akaona 0x1 amatsitsa mtengo pomwepo.

Ngati mtima ukukanabe kusiya Samsung, njira ilipo imodzi yomwe ndingavomereze: Galaxy A52 ya 4G ya mu 2021, nambala SM-A525F. Inathera pa Android 14, ndiye One UI 8 siifika, ndipo LineageOS yake ilipo. Koma kamera itsika. Zithunzi zokongola zija si galasi lokha limene limapanga, ndi pulogalamu ya kamera ya a Samsung, ndipo imeneyo simupita nayo ku ROM ina. Ngati mumajambula matumba a kachewere kutumizira ogula a ku Limbe ndi ku Lilongwe pa WhatsApp, kusinthaku mukuona ndithu, makamaka kukachita mdima kapena nkhungu ya ku Tsangano ija.

Za Redmi ndi Poco, omwe ndi mafoni a kampani ya Xiaomi, anzathu akukumbukira nthawi ya MIUI, Android yakale ya kampaniyi, pomwe munthu unkalowa mu Mi Unlock pa kompyuta, n'kudikira maola 168, basi yatseguka. Nthawi imeneyo inalidi yabwino, ndipo mafoni ngati Poco F1 ndi Redmi Note 10 Pro ali ndi ma ROM osawerengeka. Chibwerereni HyperOS m'malo mwa MIUI kumapeto kwa 2023 zinthu zinalimba. Akaunti yanu ya Xiaomi iyenera kukhala itakwanitsa masiku 30, chilolezo mumapempha kudzera mu app ya Xiaomi Community, ndipo malo a tsiku lililonse ndi ochepa. Amawatsegula pakati pa usiku nthawi ya ku Beijing, yomwe kuno ndi 6 koloko madzulo, ndipo mumapikisana ndi dziko lonse pa kamphindi kameneko. Ndi netiweki ya pa Lizulu tsiku la msika, mwayi wanu ndi wochepa. Kuyambira mu Januwale 2025 anaonjezeranso kuti akaunti imodzi itsegule foni imodzi yokha pa chaka. Mukapeza Redmi Note 10 Pro yomwe ikadali pa MIUI, batire lake labwino, sikirini yosasinthidwa, imeneyo ingathandize. Poco X3 Pro ithaweni ngakhale ikhale yotchipa bwanji, inatchuka ndi kufa bodi mwadzidzidzi. Ndipo chenjerani ndi dzina: pali ma Redmi Note a dzina lofanana koma ena ali ndi chipu cha Snapdragon, ena cha MediaTek. Redmi Note 8 dzina lake la m'kati ndi ginkgo, Note 8 Pro ndi begonia, ndipo ROM ya imodzi mukaiika mwa inzake mwapha foni. ROM imasankhidwa potsata dzina la m'katili, osati lolembedwa pa bokosi.

Tecno yanuyo musaikhudze. Ndikubwereza, musaikhudze. Tecno, Infinix ndi itel zonse ndi za kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen, ndipo ndi mafoni abwino pa zomwe anapangidwira: batire lokhalitsa, malo a SIM awiri, sikirini yopezeka pa benchi ya wokonza mafoni aliyense kuyambira pa Mphate mpaka pa Chimbiya. Koma ambiri amayendera MediaTek kapena Unisoc, ndipo anthu opanga ma ROM sawalabadira kwenikweni. Chomwe mungapeze ndi GSI, Android imodzi yopangidwira mafoni onse osati yanuyo payokha. Imayaka, koma mungapeze kuti chala sichikuwerengeka, Bluetooth ikudukaduka, kapena mawu pa foni sakumveka bwino. Choopsa kwambiri ndi SP Flash Tool, pulogalamu ya pa kompyuta yofulashira mafoni a MediaTek. Muli njira yolembedwa Format All + Download, ndipo anyamata ambiri ofulasha mafoni amaithamangira. Imeneyo imafufuta NVRAM momwe mumakhala IMEI, nambala yomwe netiweki imazindikirira foni. Foni imayaka bwinobwino, koma SIM siigwira netiweki. Munthu wa geni kukhala tsiku la msika opanda foni, ogula akuimba, wa lole akufunsa kuti aime pati, zimenezo si zoseweretsa.

Apa mpomwe pali langizo langa lenileni: mukhale ndi mafoni awiri. Tecno ikhale ya ndalama, inayo ikhale yoseweretsa. Chifukwa chake si ngozi ya kufulasha yokha. Foni yotsegulidwa bootloader imalephera mayeso a Google otchedwa Play Integrity, omwe analowa m'malo mwa SafetyNet, ndipo ma app ena a mabanki akaona choncho amakana kutseguka. Anthu amazemba mayesowa ndi pulogalamu ya Magisk ndi timamojulo take, koma zimagwira mwezi uno, mwezi wamawa a Google atseka, muyambirenso. Kuyambira mu Meyi 2025 mayesowa analimba kwambiri pa mafoni a Android 13 kupita m'tsogolo chifukwa amafunsa chipu cha foni chenichenicho. Mwayi wathu kuno n'ngoti *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba ndi *626# ya Mo626 sizisamala kuti foni ili ndi ROM yanji, bola SIM igwire. Koma ngati mumadalira app, isiyeni pa foni yosakhudzidwa.

Tsono mugule iti? Ndalama ikalola, Google Pixel 7 yogwiritsidwapo kale ntchito. Pixel ndi foni yomwe eni ake sakubisirani njira: mumayatsa OEM unlocking, kulumikiza ku laputopu, kulemba lamulo loti fastboot flashing unlock (fastboot ndi pulogalamu yolamulira foni kuchokera pa laputopu), kuvomera pa foni, basi. Palibe akaunti, palibe kudikira sabata, palibe fyuzi yopsa. Mukasokoneza, a Google eni ake amaika firmware yonse pa intaneti, ndipo mutha kuibwezeretsa kudzera pa Android Flash Tool mu Chrome n'kukhomanso bootloader ngati simunaikhudzepo. LineageOS ilipo, ROM ina yotchedwa GrapheneOS iliponso. Pixel 7 inatuluka mu Okutobala 2022 ndipo a Google aziisamalira mpaka Okutobala 2027. Pixel 8 analonjeza zaka 7, mpaka 2030, koma mtengo wake ndi wina. Pixel 6a ndi 7a ndikanazitchula poti n'zotchipirapo, koma zonse ziwiri zinapezeka ndi vuto la batire mu 2025: 6a a Google anaitumizira pulogalamu yochepetsa mphamvu ya batire poopa kutentha, ndipo ma 7a ena batire limatupa. Pa foni yakaunjika yomwe simukudziwa mbiri yake, ine sindingaike ndalama ya kachewere pamenepo.

Pixel nayo ili ndi zake, ndisakunamizeni ngati kuti ndine wa timu yake. Ili ndi malo a SIM amodzi, yachiwiri ndi eSIM (SIM ya m'kati mwa foni, yopanda kadi), ndiye inu amene mumayenda ndi Airtel ndi TNM, mwinanso ndi layini ya ku Mozambique poti msewu wokha ndi umene ukulekanitsani, muganizirepo. Ilibe malo a memori khadi. Imatentha mukaigwiritsa ntchito kwambiri padzuwa. Sikirini ikasweka simuipeza pa Ntcheu boma kapena pa Dedza, ndi ulendo wa ku Lilongwe kapena kuitanitsa kwa obwera kuchokera ku Joni, ndiye kavala ndi galasi lotchinga mugule tsiku lomwelo. Ndipo msampha waukulu ndi uwu: ma Pixel ogulitsidwa ndi Verizon ku America satseguka bootloader, ngakhale SIM ya kuno ikugwira. Wogulitsa akanena kuti "ndi unlocked" amatanthauza netiweki, osati bootloader. N'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri ogulitsa sadziwa n'komwe kusiyana kwake.

Pixel ikakhala yodula, yang'anani Motorola ya Snapdragon, monga moto g52 kapena g32 za mu 2022. Zambiri zili ndi malo a SIM awiri ndi memori khadi, batire la 5000 mAh, ndipo LineageOS yake ndi yovomerezeka. A Motorola amapereka kiyi yotsegulira: mumatenga manambala a foni kudzera pa fastboot, kuwaika pa tsamba lawo, kiyi imabwera pa imelo. Amakuuzani kuti chitsimikizo cha foni chathera pomwepo, koma pa foni yakaunjika chitsimikizocho munalibe kale. Nazonso zochokera ku makampani a netiweki a ku America nthawi zambiri zimakanidwa.

Chilichonse chomwe mwasankha, ndalama isatuluke musanachite izi muli pa shopu pomwepo. Foni ilumikizeni ku intaneti, ngakhale ndi hotspot ya Tecno yanu. Pitani pa About phone, gogodani Build number kasanu ndi kawiri, lowani mu Developer options, muyang'ane OEM unlocking. Ikakhala palibe, kapena ilipo koma yotuwa yosadinika, bwezani foni. Imbani *#06# muone ngati IMEI ikufanana ndi ya pa bokosi kapena pa thireyi ya SIM. Mwini wake achotse akaunti yake ya Google inu mukuona, ndipo foni ifufutidwe n'kuyatsidwanso pomwepo. Ikapempha akaunti ya munthu wina, kapena wogulitsa akayamba zoti "pali mnyamata amachotsa FRP" (loko wa akaunti ya Google ya mwini wake wakale), nyamukani. Mafoni otere ambiri ndi obedwa kapena ndi angongole omwe sanamalize kulipira, ndipo kufulasha kwathu kuno si kothandizira zimenezo. Tsegulaninso tsamba la LineageOS pa mndandanda wa mafoni, mutsimikize kuti nambala yeniyeniyo ilipo ndipo pali munthu akuisamalirabe. ROM yomwe inasiyidwa zaka ziwiri zapitazo ndi yoipa kuposa Android yomwe foni inabwera nayo.

Tsiku lofulasha, kumbukirani kuti kutsegula bootloader kumafufuta zonse za mu foni, ndiye zithunzi ndi manambala zikhale zitasungidwa kwina. Mafayilo ndi aakulu, firmware ya Pixel imapitirira 2 GB, choncho gulani bandulo yokwanira mukopere zonse kaye, kuphatikizapo firmware yoyambirira yoti mubwerere nayo zikavuta. Gwiritsani laputopu yodzaza batire osati kompyuta ya patebulo, chifukwa magetsi akathima ntchito ili pakati foni ikhoza osayakanso. Kebulo ikhale yeniyeni, osati zija za pa msika zongochaja. Musabwerere ku Android yakale mwachisawawa: ma Pixel 6 ndi ma Redmi ena ali ndi chitetezo choletsa kubwerera m'mbuyo, ndipo chinapha ma Redmi Note 5 Pro ambiri mu 2018. Komanso musakhome bootloader ROM yachilendo ili m'kati, pokhapokha ngati malangizo a ROM yomweyo akunena kuti mutero, monga GrapheneOS.

Mukapeza foni yomwe yakusangalatsani, jambulani tsamba la About phone ndi la Developer options, mubise IMEI, mutumize muno musanalipire. Tikuuzani ngati ikutseguka.