Mwafunsa: makorali amafika bwanji pa nsanja zokumbira mafuta?

Funso: Akonzi, ndinaona kavidiyo pa Facebook anthu akusambira pansi pa nsanja yokumbira mafuta ku America, miyendo yake yachitsulo ili yodzadza ndi makorali komanso nsomba mbwee. Ndi zoona zimenezi? Anakadzalapo ndani? Nanga pa nyanja yathu ya Malawi bwanji kulibe?
Wowerenga wa ku Nkhotakota

Yankho: Zikomo kwambiri a ku Nkhotakota, zimenezi zimachitikadi ndipo palibe amene amadzala. Makorali si zomera ayi, ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala mounjikana tomwe timadzimangira chigoba cha laimu, ndipo tiana take timayandama ndi madzi masiku angapo kufunafuna polimba poti timatirire. Pamatope sitingakhale, timakwiririka. Ndiye ku Gulf of Mexico, kufupi ndi Louisiana ndi Texas, pansi pa nyanja pambiri ndi matope okhaokha, choncho chitsulo chikaimikidwa kuchokera pansi mpaka pamwamba ndiye kuti malo apezeka basi.

Koma sizichitika lero ndi lero. Poyamba pamabwera kautelezi ka mabakiteriya, kenako ndere, tinkhono tomatirira ndi masiponji, makorali amabwera mochedwa ndipo amakulanso mochedwa, aja ozungulira ngati mwala pachaka amangowonjezera pafupifupi sentimita 1. Katswiri wina, Paul Sammarco, atafufuza nsanja zoyandikana ndi Flower Garden Banks, komwe kuli makorali achilengedwe pamtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera kugombe, anapeza kuti nsanja zakalekale ndi zomwe zinali ndi makorali ambiri. Kumeneko chaka ndi chaka cha mu Ogasiti, pakangopita masiku ochepa mwezi utakhala wathunthu, makorali amatulutsa mazira usiku onse nthawi imodzi, madzi mpaka kudzadza ndi timibulu tokwera m'mwamba, ndiye madzi oyenda amatenga tianato kukatisiya pa zitsulo.

Mukatsika ndi mwendo wa nsanja muona kuti okhalapo akusintha. Kumtunda kofika dzuwa kumakhala makorali omwe ali ndi ndere m'thupi mwawo yowapangira chakudya, kunsi kwa mdima kuli ongodya tizilombo todutsa ndi madzi.

Za nyanja yathu yankho ndi lalifupi, makorali amafuna madzi amchere ndipo athuwa alibe mchere. Kufupi komwe mungakawaone ndi ku gombe la Mozambique, monga ku zilumba za Quirimbas.

Funso: Ngati zili choncho bwanji nsanja zikatha ntchito osangozisiya m'madzi momwemo?
Wowerenga wa ku Johannesburg

Yankho: Apa ndi pomwe pali mkangano weniweni. Ku America kuli ndondomeko yotchedwa Rigs-to-Reefs, boma la Louisiana linakhazikitsa lamulo lake mu 1986, kampani imatseka chitsime kenako miyendo ya nsanja amaigwetsa chagona kapena kudula kumtunda kokha, ndipo gawo la ndalama zomwe yapulumutsa imapereka ku boma. Asodzi amakondwera nazo chifukwa nsomba zimasonkhana pamenepo.

Ku Ulaya anasankha njira ina. Mu 1995 Shell inafuna kumiza Brent Spar, chithanki chachikulu chosungiramo mafuta ku North Sea, a Greenpeace, gulu loteteza chilengedwe, anakakwerapo kukana, anthu anayamba kunyanyala kugula petulo wa kampaniyi makamaka ku Germany mpaka inasintha maganizo, ndipo mu 1998 mayiko a mu mgwirizano wa OSPAR, woteteza nyanja za chigawo chimenecho, anagwirizana kuti nsanja zotha ntchito zizichotsedwa, kupatula zochepa zolemera kwambiri. Chodabwitsa nchakuti pomwe ankaphwasula Brent Spar ku Norway anapezapo makorali a m'madzi ozizira otchedwa Lophelia atamatirira kunsi kwake.

Ife timaona kuti nsanja yomwe yakhala zaka 30 kapena 40 ndipo yadzadza ndi zamoyo, kuizula ndi mabomba nkuwononga ndithu. Koma sitingavomerenso kuti makampani azigwiritsa ntchito makorali ngati chonamizira chothawira ndalama zoyeretsera nyanja. Komanso si korali aliyense amene ali wabwino pamalopo. Pali wina wa mtundu wa olenji, Tubastraea, kwawo ndi ku Indian Ocean ndi Pacific, koma pano wadzadza pa nsanja za ku Gulf of Mexico ndi ku Brazil, amakonda zitsulo kwambiri ndipo amalumpha kuchoka nsanja ina kupita ina mpaka kukalanda malo pa miyala ya makorali eni nthaka.

Ndipo si chilichonse chomwe mungaponye m'nyanja chimagwira. Ku Fort Lauderdale ku Florida m'zaka za m'ma 1970 anamiza matayala akutha pafupifupi 2 miliyoni poganiza kuti makorali amerapo, koma zomangira zinachita dzimbiri nkuduka, matayala nkumakokoloka ndi mafunde kukaphwanya makorali achilengedwe, ndipo patapita zaka zambiri boma linachita kutumiza anthu kuti akawavuule. Zomwe zimathandiza ndi zolemera zosasuntha ngati konkire, miyala ndi sitima zoti achotsamo mafuta onse, monga USS Oriskany yomwe anamiza dala mu 2006 kufupi ndi Pensacola.